Nkhalango Yosakhudzidwa ndi Dzanja la Munthu

Wallahi, ndalumbira! Ngati m'nkhaniyi muli bodza, ngakhale laling'ono ngati dzira la nsabwe, mano anayi anditsalirawa agwe lero lomwe. Ine sukulu sindinaipondeko, koma za kuno kwathu ndimazidziwa kuposa onse amene anatha maso ndi mabuku, ndipo izi ndinaziona ndekha.

Linali Lachitatu, mwezi wa Juni, pamene Imedi Chikwenga anaimika galimoto pa mzikiti wa m'tsinde mwa phiri la Likwakwa. Imedi anali mwana wa konkuno, koma anachoka ali wamng'ono, nakaphunzira za mitengo mpaka masukulu anamuthera. Masiku amenewo n'kuti atangobwera kumene ku msonkhano wa maiko onse, kutsidya la nyanja zamchere, kumene anthu anachuluka mwakuti kungopatsana moni kokha kunatenga masiku atatu. Kumeneko anaonetsa zithunzi za nkhalango ya Likwakwa, ndipo akuluakulu a maiko anaimirira n'kuomba m'manja mpaka zikhatho kutupa. Anabwerako ndi pepala, ndipo mumtima ankati phiri lija walipulumutsa ndi iye.

Anapeza Shehe Twaliki Makwinja atakhala pamkeka, akusoka mkanjo wawo wong'ambika. Shehe ameneyu Kurani yonse inali m'mutu, koma ankasesa yekha pabwalo la mzikiti, ndipo mlendo akanatha kuwayesa wantchito.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu, mwanangu. Khalani apa. Mwawapeza bwanji akunja?"

"Ali bwino, a Shehe, ndipo phiri lathuli alikonda. Agwirizana kuti litetezedwe. Kwa zaka khumi, munthu asalowemo, moto usayatsidwemo. Koma lamulo lawo likuti eni nthaka avomere kaye. Ndiye ndati m'malo movutitsa anthu osawerenga, inu musaine m'malo mwa onse, ndipo Lachisanu mukalengeze likatha pemphero la swala. Mawu anu palibe amawatsutsa."

Shehe anabaya singano pansalu. Iwo ankadziwa zimene Imedi anaiwala: kuti Loweruka lomwelo ndilo linali tsiku lotentha udzu wa m'phiri, monga ankachitira chaka chilichonse. Pepalalo likanasainidwa, moto umenewo sukanayatsidwa, ndipo amayi a bowa, azibambo a ming'oma ya njuchi ndi ofuna mankhwala akanaima kunja kwa nkhalango ya makolo awo.

"Pepani, mwanangu, Chingerezi chinandipita pambali. Tandiwerengerani m'chinenero chathu zimene dzina langa likachitire umboni."

Imedi anakonza kukhosi. Anawerenga mwaulemu, koma mokweza pang'ono kuti ife tinali pakhonde timve kuti munthu anaphunzira. Atafika pa mzere wina anati: "Nkhalango imeneyi ndi yachilengedwe, yosakhudzidwa ndi dzanja la munthu."

"Bwerezani pamenepo."

Anabwereza.

"Analemba ndani mawu amenewo?"

"Ndine, a Shehe. Ndi amene anawagwira mtima kwambiri."

"Ndi mawu okoma," anatero Shehe, navala mzuli wawo. "Tiyeni mundiperekeze pang'ono. Miyendo yanga imaganiza bwino kuposa mutu."

Anakwera njira ya kuphiri, nkhalamba patsogolo, Imedi pambuyo akupukuta thukuta. Misuku, milombwa ndi mitondo inaima mothithikana, ina yaitali mwakuti mbalame yofuna kutera pamwamba inkapuma kawiri panjira. Imedi ankayang'ana m'mwamba, mtima ukumuuza kuti zonsezi wazisunga ndi cholembera chake. Shehe ankayang'ana pansi. Anazula tsekera limodzi nampatsa.

"Likulungeni ku chala."

Imedi analikulunga. Kunsonga linathyoka, koma kutsinde linangopindika, likadali lobiriwira.

"Mwaona chiyani?"

"Ndaona udzu, a Shehe."

"Bambo anu akanati aona Loweruka. Udzu ukathyoka kunsonga n'kupindika kutsinde, ndiye kuti nthawi yakwana. Timalambula kuzungulira manda ndi mitengo ya ming'oma, timayatsa m'mawa mame asanaume, chigawo chimodzi lero, china mawa, anthu ataima ndi nthambi zaziwisi. Moto wake umayenda chokwawa, sufika m'bondo. Umadya udzu, mitengo n'kuisiya. Akabwera moto wolusa wa mu Okutobala, umapeza mbale zotsukatsuka, n'kubwerera ndi njala."

"A Shehe, ndi ulemu wonse, moto ndi moto. Akatswiri anayeza utsi wake. Kutentha tchire ndi chizolowezi cha umbuli chimene dziko lonse likufuna chithe."

Shehe anangopitiriza kukwera mpaka pamsana pa phiri, pamene munthu amaona mbali inayo. Kumeneko kunali malo a mwini esiteti wina amene anatchinga ndi waya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, naletsa moto ndi phazi la munthu. Udzu unaunjikana chaka ndi chaka mpaka kubisa njovu itanyamula inzake. Tsiku lina mu Okutobala moto unalowa. Unatentha mwakuti mtsinje wa kumunsi unawira, ndipo tinatola nsomba zopsa kale, zongofuna mchere. Tsopano kunali zitsa zakuda zokhazokha, ndi waya uja ali chiimire, akulondera phulusa.

"Uko ndiye kosakhudzidwa ndi dzanja la munthu," anatero Shehe.

Imedi anayang'ana uko, nayang'ana kuno. Malire a moto uja anali owongoka ngati anajambula ndi chingwe, ndipo anathera ndendende pamene anthu a m'mudzi ankalekezera kutentha kwawo kwa mu Juni. Anakumbukira dzanja lamanja la malemu bambo ake, lachipsera kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono. Ali mwana ankachita nalo manyazi pamaso pa anzake, ndipo sanafunsepo kuti chipseracho chinabwera bwanji.

"Bambo anu ndiwo ankatsogolera moto kwa zaka makumi awiri," anatero Shehe, ngati amva zimene ankaganiza. "Chaka china mphepo inatembenuka, ndipo anauzimitsa ndi dzanja kuti usalowe kumanda."

Imedi anakhala pamwala. Mawu ake anatsika.

"Nanga ndikawauza chiyani, a Shehe? Ndinaima pamaso pa maiko. Ndikabweza pepalali, adzati ndinawanamiza, ndipo phiri lathu adzalichotsa m'kaundula wawo. Iwotu akufuna zabwino."

"Sindikukana, mwanangu. Amene wakonda mtengo umene sadzakhala pamthunzi wake, Allah amudalitse. Ndipo lamulo lawo lija, loti eni nthaka avomere kaye, ndi lanzeru kuposa mmene mwaligwirira. Likufuna pakamwa pa anthu, osati dzanja la nkhalamba imodzi. Lachisanu ndidzakupatsani bwalo. Mudzawerenge pepala lonse, amayi a bowa ndi eni ming'oma adzakuyankheni okha, ndipo zimene adzanene mukazitengere kutsidyako monga mwatengera izi kuno. Koma kusaina sindisaina. Umboni wonama ndi tchimo lalikulu, ndipo ine sindingachitire umboni kuti dzanja la bambo anu silinakhudze phiri lino."

"Koma akandifunsa chifukwa chake, m'mawu ochepa, ndidzati chiyani?"

Shehe anavula mzuli, nasisita mutu wawo wometedwa bwino.

"Mukawauze kuti anaona mutu wometedwa bwino, naukonda, ndipo anachita bwino kuukonda. Tsono kuti ukhalebe wokongola chomwecho, akuti tithamangitse wometa."

Apo ndiye panathera mawu. Cholembera chinabwerera m'thumba chosagwira ntchito, ndipo Loweruka m'mawa ndinamuona Imedi ali pamzere ndi nthambi yaiwisi m'manja, nsapato zake za ku msonkhano zitadetsedwa ndi phulusa.

Tsono pali Ajusa, mlamu wanga, amene amati ndikafika apa amapukusa mutu. Akuti, "Inu alamu, mwati munali pakhonde la mzikiti, nanga za pamwamba pa phiri munazimva bwanji? Ndipo nsomba zinayamba liti kupsa mumtsinje?" Zamkutu! Makutu angawa amamva nyerere ikutsokomola ku Liwonde, ndiye ndilephere kumva Shehe pa kaphiri kameneka? Za nsombazo asandiuze kanthu Ajusa: anadya zinayi yekha, n'kudandaula kuti zapserera.