Masitepe a Wojambula Zithunzi

M'katauni kaja anthu sankawerenga zaka ndi kalendala, ankawerenga ndi masoka. Ukafunsa munthu kuti anabadwa liti, ankati, "Chaka cha mphepo ija inasasula denga la sukulu." Wina ankati anakwatira chaka cha matalala, nkhuku zitafera pabwalo. Koma chaka chimene ankachitchula motsitsa mawu chinali cha madzi, pamene msewu wa masitolo unasanduka mtsinje. Ndipo n'zosadabwitsa, poti msewuwo kale unali khwawa. Anthu anangolikwirira, n'kuthirapo phula, n'kuyamba kugulitsana sopo pamwamba pake.

Pakati pa msewuwo panali situdiyo ya wojambula zithunzi. Madzi aja atamugwetsera nyumba yoyamba, iye anamanga ina pamaziko aatali ofika m'chiuno, ndi masitepe oti pokwera umachita kugwira bondo. Akwati ankakwera atanyamula madiresi m'manja, okalamba akutukwana chamumtima. Mwiniwake ankangoseka ali pakhomo. "Wofuna kukongola ayambe wavutika," ankatero.

Ha, koma munali mokoma mmene muja! Munkamveka fungo la mankhwala otsukira zithunzi. Pakhoma panali chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja, pagalasi chipeso chomangirira ku chingwe kuti chisayende, ndipo pamsomali panali jekete limodzi lomwe amuna a tauni yonse anajambulitsa nalo, onenepa ndi owonda omwe. Chuma chenicheni chinali pamashelefu a m'mwamba, pafupi ndi denga: zitini zodzaza mafilimu. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kamera ija, nkhope yake inali m'menemo. Chithunzi chikang'ambika kapena mbewa zikachidya, unkangopita, mkuluyo n'kukwera pampando, n'kukutsukira china.

Atamwalira, situdiyo inatsala m'manja mwa mwana wake wamwamuna, amene anthu ankamutcha Phuma, chifukwa ankayankha funso lisanathe. Sanali munthu woipa, ayi. Kungoti nyengo inali itasintha, aliyense akudzijambula yekha pafoni, ndipo iye anaganiza zoika makina okopera mapepala, chitseko chagalasi, ndi pansi pofanana ndi msewu kuti munthu azingolowa ngati akupitiriza ulendo.

Mlongo wake wamkulu, namwino wa pachipatala, anapeza amisiri akuswa masitepe.

"Iwe, ukugumula chiyani?"

"Achemwali, makasitomala amathawa phiri ili. Si onse ali ndi mawondo a mbuzi."

"Bambo sanamange phiri chifukwa chokonda kukwera. Ine madzi aja ndinawaona, iwe uli kumbuyo kwa amayi ukuyamwa chala."

"Madzi ake ati? Pano anaika mapaipi. Inu nkhani zanu ndi zomwezo, mphepo, matalala, madzi, ngati tauni ino inalodzedwa."

"Nanga zitini zija?"

"Ndaziika kuchipinda chakumbuyo. N'kwakanthawi chabe, ndikhoma mashelefu ena."

Mlongoyo anasuzumira kuchipindako, naona zitini zitaunjikidwa pasimenti, pafupi ndi tsache. Kenako anatola chikwama chake. "Makutu ako ndi okongoletsa mutu basi," anatero, n'kumapita kuntchito.

Kanthawi kaja kanakula n'kumera ndevu. Mvula inabwera, n'kupita, inabweranso, n'kupita, msewu uli gwa. Malonda anayenda ndithu, tisamunamizire. Mitambo ikangoda, Phuma ankaimbira foni mlongo wake. "Achemwali, bwato mwagula?" Onse ankaseka, ndipo mashelefu sanakhomedwe.

Tsiku lakelo m'tauni munangowaza pang'ono. Mvula yeniyeni inagwa kumtunda, kumene mitengo inali itatha kale. Chamasana anthu anamva mkokomo ngati lole yodzaza miyala ikutsika. Mapaipi aja anatsekeka ndi zinyalala, ndipo madzi ofiira anatulukira kumutu kwa msewu atasenza mabenchi, madengu ndi zitseko za anthu. Pasitudiyo sanagogode n'komwe. Analowa monga mwini anafunira, ngati akupitiriza ulendo.

Phuma anakumbatira makina ake n'kuwakweza patebulo. Anapulumutsa kompyuta, anapulumutsa mapepala. Pamene ankakumbukira zitini, madzi anali m'ntchafu, ndipo chitseko cha chipinda chakumbuyo chinakana kutseguka. Anakankha mpaka phewa kusupuka, koma anzake anamukokera kunja.

Palibe anafa, Mulungu anachita chifundo. Madzi ataphwa, iye ndi mlongo wake anatsegula zitini chimodzichimodzi. Mafilimu anali atamatirirana ndi matope, ndipo ukati umatule, nkhope zinkatsalira kuzala. Maukwati, makanda, ana a sukulu, amayi awo ali mtsikana, zonse zinasanduka phala lakuda. Mlongoyo sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala pachitini chopanda kanthu n'kulira, ndipo kulirako kunamupweteka Phuma kuposa mawu alionse.

Patapita masiku, awiriwo akukolopa m'situdiyo, panafika mayi wina wokalamba, mkazi wa malemu wometa tsitsi wa pamsewu womwewo. Anatulutsa m'chikwama felemu yofufuma ndi madzi. M'kati mwake munkangooneka phewa la jekete, nkhope itafufutika.

"Mwanangu, madzi andilanda bambo akunyumba kachiwiri," anatero akumwetulira. "Koma sindinadandaule. Ndauza adzukulu kuti musalire, agogo anu ali m'chitini kwa wojambula. Unditsukire ziwiri, china ndipatse mwana wanga."

Phuma, munthu woyankha funso lisanathe, anayang'ana felemu ija, nayang'ana mlongo wake.

"Kapena ndibwere mawa?" anafunsa mayiyo. "Ndaona kuti mwatanganidwa."

"Amayi," anatero Phuma, "khalani kaye pampando."

Mayiyo anakhala, felemu ili pamiyendo, akudikirabe mwachidaliro. Ndipo panja panali pataima kale anthu ena, aliyense ndi chithunzi chake chonyowa m'manja.

Khwawa ungalikwirire, ungalipatse dzina la msewu, zaka n'kudutsa mpaka ana kuyamba kuseka owachenjeza. Koma akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.