Mbiya ya Bona la Amake Nangondo

Kalekale, pamudzi wina wa m'mbali mwa dambo, padali mayi wina dzina lake Nangondo. Amake adali mmisiri woumba mbiya, wodziwika tsidya lino ndi tsidya lina. Nangondo adakulira pamiyendo pawo, dothi lili m'zikhadabo. Pamene anzake ankaphunzira kusinja, iye adali ataumba kale nkhali. Pofika pokwatiwa, munthu sukadasiyanitsa mtsuko wa mayi ndi wa mwana.

Chaka china, mvula ili pakati, amake aja adadwala. Atatsala pang'ono kutsikira kuli chete, adamugwira dzanja.

"Mwana wanga, mowa wa bona langa usadzafulidwe m'mbiya yobwereka. Ine ndaumbira mudzi wonse. Usadzandichititse manyazi."

"Ndamva, amayi," adatero Nangondo.

Bona, ana inu, ndi mowa uja timafulula potsanzikana komaliza ndi womwalira. Mbiya yaikulu ya malemuwo adaiboola pansi n'kukaiika pamanda, monga mwa mwambo. Ndiye padafunika yatsopano. Ndipo lonjezo la pamphasa ya wodwala siliwola, limakudikira.

Anthu atakolola, Nangondo adapita kumtapo, kuja amakumba dothi loumbira. Adakumba, adaponda, adaumba. Mbiya idakwera bwino, yofika m'chiuno. Koma masiku amenewo kudali mitambo ndi kamvula kowaza, ndipo iye chifukwa cha changu adaiotcha isanaumitsitse. Adaunjika makungwa. Adayatsa moto. Phuu! Mbiya idaphulika anthu akuona.

"Ogo! Kodi luso lija lidapita nawo kumanda?" adanong'ona mayi wina.

Adanong'ona, koma Nangondo adamva. Mawu aja adalowera kukhutu, n'kutsikira m'manja.

Adayamba kuumba yachiwiri. Ankati akatenga chikombe, chigoba chija amapalira m'kati mwa mbiya, mtima unkamuuza kuti, "Usapale, uboola!" Ndiye ankachiika pansi. M'malo mopala, ankamatapo dothi lina.

"Ikhale yochindikala. Ikhale yolimba," ankatero.

Adaiyanika. Adaiotcha. Phuu!

Adaumba ina, yochindikala koposa. Adaiyanika. Adaiotcha. Phuu!

Nangondo adakhala pansi n'kuyamba kufunafuna womulakwira. Pamwambo wa oumba, munthu wapabanja amati ndi wotentha, sayandikira mbiya yaiwisi. Maso ake adagwera pa amuna ake, a Kamtedza, amene ankasema mpini pakhonde, osadziwa kanthu.

"Abambo, kuyambira lero muzikagona kunsi kwa nkhokwe."

"A-a! Ine ndalakwanji? Dothi lanulo ngakhale kulikhudza sindidalikhudzepo!"

"Dzana mudadutsa pafupi. Mthunzi wanu udagwera pambiya."

"Mthunzi! Tsono ndiuvule ndiupachike pamtengo?"

Komabe adali munthu wofatsa. Adapinda mphasa yawo, ulendo kunkhokwe, akung'ung'udza. Nangondo adamanga mpanda wa udzu kuzungulira poumbira. Adaletsa akulu, adaletsa ana, adathamangitsa ndi agalu omwe. Adaumba yekhayekha, akumata, akumata. Mbiya idalemera ngati mtondo. Adaiotcha. Phuu!

Nthawi idayamba kutha. Achibale akutali adali atauzidwa kale mwezi wa bona. Chimera chidali chitayanikidwa. Akuluakulu a banja adatumiza mawu akuti, "Ngati zavuta, tingokabwereka mbiya tsidya lija." Nangondo atamva, adalowa mumpanda mwake n'kulira pakati pa mapale.

Tsiku lomwelo kudafika Nachanza. Ameneyu adali msuweni wake, mwana wa atsibweni ake, omwe adali mlongo wa malemu aja. Ndipo mukudziwa, msuweni amakutukwana mmene angafunire, popanda mlandu. Nachanza sadaodire. Adangokankha mpanda n'kulowa.

"Kuno ndiye kwa a Phulitsani? Kwathu kuja tikumva kugunda, timati mvula yabwerera. Kani ndi msuweni wanga akuotcha mbiya!"

"Tuluka iwe! Undiwonongera dothi!"

"Ndiwononge chiyani, poti wawononga kale wekha? Tamvera. Nkhuku zanga zilibe pomwera. Ndiumbire kamphika. Kakaphulika palibe kanthu, nkhuku sizinena miseche."

"Ine ndili pamavuto, iwe ukundiuza za nkhuku?"

"Kapena ndi kankhuku komwe sungathe? Nena, ndikapemphe ana kumasanje."

Nangondo adapsa mtima. Adatapa dothi n'kuliponya pathabwa, phwa!

"Khala apo uone, mlesi iwe. Munthu woti ngakhale chikho amabwereka!"

"Ndileka bwanji kubwereka, poti msuweni wanga ndi mmisiri wa mabingu?"

"Bola mabingu anga! Nanga amuna ako aja, miyendo ngati adokowe, adatha kufolera nyumba ija?"

"Usatchule anga! Ako ndawapeza kunkhokwe, udzudzu wawadya atsala makutu okha!"

Adatukwanizana. Adaseka. Adatukwanizananso. Pakamwa padali pa Nachanza, koma manja adali pantchito yawo. Adakweza dothi okha. Adatola chikombe okha. Pala, pala, pala! Pomwe Nangondo ankapukuta misozi ya kuseka, kamphika kadali chilili, kosalala, kopyapyala ngati khutu la mbuzi.

"Ndidzakatenga kakapsa," adatero Nachanza, ulendo.

Kamphika kadauma msanga. Nangondo adakaotcha mosasamala, ndi makungwa otsala. Adadikira kuphulika. Zii. Adakaphula kali kamphumphu, kofiira bwino.

Adakazunguza m'manja. Kenaka adatola phale la mbiya yomaliza ija n'kuliika pambali pake. Phale lidali lochindikala ngati mphero. Adalithyola pamwala. Kunja lidapsa, koma pakati padali pakuda, paiwisi. Madzi adatsekeredwa m'menemo, ndipo moto utawapeza, adasowa potulukira.

"Mayo ine!" adatero Nangondo. "Si mthunzi wa munthu ayi. Ndimamata mantha anga, n'kumati ndi dothi."

Adazula mpanda uja. Adapita kunkhokwe.

"Abambo, tengani mphasa yanu, bwererani m'nyumba. Ndidakunamizirani."

"Ndibwere ndi mthunzi womwe, kapena utsale kuno?" adafunsa a Kamtedza, akukanda msana.

Tsopano nthawi idatsala ya mbiya imodzi yokha. Ikaphulika imeneyi, basi, kukabwereka tsidya. Nangondo adakumba, adaponda. M'mawa woumba, Nachanza adabwera kudzatenga kamphika kake, n'kukhala pachitsa.

"Ndiyambe kukutukwana? Ndabwera nazo zambiri lero."

"Ayi, msuweni. Udzanditukwana mpaka liti? Lero tseka pakamwa. Pakhale ine ndi dothi."

"Ndifa nazo ine," adatero Nachanza, koma adakhala chete.

Nangondo adaumba. Mbiya idakwera kufika m'mawondo. Idakwera kufika m'chiuno. Adatenga chikombe, ndipo mtima uja udayambanso. "Usapale, uboola!" Dzanja lidaima m'malere.

"Ndakumva," Nangondo adauyankha mtimawo motsitsa. "Koma manja awa adayamba kuumba iwe usanabwere."

Adalowetsa mkono. Dzanja lina m'kati, lina kunja, kumvetsera dothi. Pala, pala, pala! Pala, pala, pala! Kenaka, bowo! Chikombe chidatulukira kunja. Kuwala kwa dzuwa kudalowa m'mbiya.

Nachanza adagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Nangondo adayang'ana kabowo kaja. Kadali kakang'ono ngati nzama. Adakayang'ana, adakayang'ana, kenaka adaphulika nako kuseka.

"Kani ndi kameneka? Kameneka ndi kamene kandigoneka ndi njala masiku onsewa?"

Adatsina dothi pang'ono, adanyowetsa chala, adatseka, adasalaza. Dothi laliwisi silisunga chilonda. Adapitiriza kupala mpaka mbiya yonse idapyapyala mofanana, kuyambira pansi mpaka kukamwa.

Ulendo uno sadachite changu. Adaiyanika pamthunzi. Adaitulutsa padzuwa. Achibale ankabwera kudzafunsa, "Nanga lero?" Iye ankaikhudza ndi tsaya n'kunena kuti, "Ikadali yozizira. Dikirani." Adadikira mpaka idauma gwa.

Tsiku lootcha, mudzi wonse udasonkhana. Ena adaima patali, manja ali m'makutu. Nangondo adaunjika makungwa yekha, adayatsa yekha. Moto udalilima. Utsi udakwera. Anthu adadikira. Makungwa adanyeka, adasanduka makala, adasanduka phulusa. Zii.

Nangondo adatenga mitengo iwiri yaitali, adakankha phulusa. Mbiya idaonekera, yofiira psuu, yopanda mng'alu ngakhale umodzi. Adaiwaza madzi a makungwa ndi kanthambi. Tswee! Idachita mawanga akuda okongola.

Nthungululu zidamveka mpaka kudambo.

"Uja ndi msuweni wanga uja!" adakuwa Nachanza, akuvina fumbi lili koboo. "Ndidamuphunzitsa ndine!"

Adafulula mowa m'mbiya imeneyo, ndipo udapsa bwino. M'mawa wa bona, anthu asanalawe, Nangondo adatunga chikho choyamba n'kupita nacho kumanda pamodzi ndi akuluakulu. Adagwada. Adathira pansi pang'onopang'ono.

"Amayi, imwani. Mbiya yake ndi ya pakhomo panu."

Dothi lidamwa mowa wonse, osatsala ndi dontho lomwe.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, isapserere. Dzanja lamantha limaswa chomwe likufuna kuteteza.