Mapesi a Mayi Nangondo

Kalekale, achemwali, sendezani khutu kuno, pasukulu ina kuseri kwa phiri padafika mphunzitsi, dzina lake Mayi Nangondo.

Mayiwa adauza ana kuti, "Nyengo yasintha. Mvula ya masiku ano imagwa, kenaka n'kuthawa. Mapesi musamatenthe. Muziphimbira nawo nthaka kuti chinyezi chikhalitse."

Ana adakanena kwawo. Makolo adakwiya, poti kumeneko ankatentha minda posaka mbewa. Ndipo wokonda mbewa kuposa onse anali mphunzitsi wamkulu, a Kachingwe. Musakauze munthu izi: bamboyo ankabisa mbewa zowamba m'thumba la jekete, n'kumatafuna ana ali pamzere!

"Mayi, mukuphunzitsa ana ulesi," adatero a Kachingwe. "Munda wa sukulu tiugawe pakati. Chimanga chanu chikakanika, mulongedze katundu."

"Ndamva, bambo," adayankha Mayi Nangondo. "Koma mutafune kaye, mchira ukuonekera."

A Kachingwe adatentha mbali yawo, moto lawilawi, mbewa thumba lonse. Mayi Nangondo ndi ana adayala mapesi. Adayala, adayala, mpaka nthaka yonse kubisika. Odutsa ankaseka. "Taonani munda wa alesi!"

Mvula idagwa. Onse adabzala. Chimanga chitafika m'mawondo, mvula ija zii.

Sabata yoyamba, dzuwa. Yachiwiri, dzuwa. Yachitatu, dzuwa lokhalokha.

Chimanga cha a Kachingwe chidapota masamba ngati anyezi. Cha m'mudzi chimodzimodzi. Koma cha ana, mayo ine, chobiriwira! Ana akapisa dzanja pansi pa mapesi, dothi lonyowa. Adayamba kuimba:

"Phimba, phimba, dzuwa lichite manyazi!"

Tsiku lina m'mawa, Mayi Nangondo ali pabolodi, kudamveka phokoso panja. Akazi awo a Kachingwe, chitenje chili m'chiuno, akukoka amuna awo padzanja. Kumbuyo kwawo mudzi wonse.

"Aphunzitsi, alandireni awa," adatero mayiwo. "Akhale kutsogolo, amve bwino. Ine chaka chino sindidya phulusa."

A Kachingwe adadzipanikiza pabenchi, mawondo kukhudza chibwano.

"Ndisalongedze, bambo?" adafunsa Mayi Nangondo.

"Phunzitsani, mayi," adayankha chapansipansi.

Ana m'manja, amayi nthungululu!

Mwaonatu, achemwali. Mvula ikasintha mayendedwe, nawenso sintha kalimidwe, ngakhale nzeruyo ibwere ndi mwana wa sukulu.

Ine kwanga kwatha, nthano yanga yathera pomwepa.