Diski Yachiwiri ya Lufeyo

Pa Mponela panali bambo wina wojambula makanema a maukwati, dzina lake Lufeyo Chikakuda. Ntchito yake ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Chomwe chinkamuvuta n'kukhazikika. Tiyi ankamwa choimirira, ndipo wina akayamba kumufotokozera kanthu, iye maso amakhala ali kale pakhomo.

Chaka china anajambula ukwati wa mtsikana wina dzina lake Elube. Paukwatipo bambo a mkwatibwi, a Chimbalanga, anaimirira ndi ndodo yawo n'kumulangiza mwana wawo mawu okoma, mpaka amayi ena anapukuta misozi. Pasanapite nthawi yaitali mkuluyo anamwalira. Maliro atatha, Elube anafika kwa Lufeyo.

"Bambo Chikakuda, kanema uja musandichedwetsere," anatero. "Zovina ndi mphatso zilibe kanthu. Ine ndikufuna ndimvenso mawu a bambo anga."

"Mubwere Loweruka, mayi. Zidzakhala zitatheka."

Kulonjeza analonjeza, koma mtima sunali m'malo. Diski ya m'kompyuta yake, momwe ankasungira makanema onse, inali itadzaza moti kompyutayo inkangokakamira. Ukwati wa Elube unali mmenemo mokha, popeza khadi la m'kamera anali atalifufuta kale kuti ajambulire ukwati wina. Choncho anagula diski yachiwiri, yaikulu, n'kuimangirira m'kati mwa kompyuta. Atatero anaimbira foni mlamu wake Bizwick, amene ankakonza makompyuta ku Lilongwe.

"Alamu, diski ndamangirira, nthambo ndalumikiza. Kenako?"

"Choyamba muigawe," anayankha Bizwick. "Mudule gawo limodzi lalikulu la makanema, ngati mmene mumadulira malire a munda."

Lufeyo anagawa, foni ataipana ndi phewa, phazi likugunda pansi.

"Tsopano mulifomate gawolo kuti lithe kulandira zinthu. Koma muonetsetse kuti ndi diski yatsopanoyo, chifukwa kufomata kumasesa zonse."

"Ndaonetsetsa. Zatheka."

"Chatsala n'kuimaunta. Apa mundimvetsere bwino, chifukwa foda imene mupange ija..."

"Ndadziwa kale, alamu, ndadziwa kale. Kupanga foda ingakhale nkhani? Mumupatse moni mlongo wanga."

Anadula foni. Anapanga foda, kathumba kosungiramo zinthu m'kompyuta, n'kuitcha Nkhokwe, n'kusamutsiramo makanema onse. Zinangotenga kanthawi kophethira diso. Lufeyo anaomba m'manja, akuti diski yatsopanoyo inali ndi liwiro. Munthu wodekha akanadzifunsa kuti maukwati a zaka zambiri angaoloke bwanji msanga chotero. Zoona zake zinali zoti sanaoloke ayi. Foda ija inali pa diski yakale yomweyo, ndipo yatsopanoyo inangokhala phee, yopanda kanthu.

M'mawa mwake kompyuta inadandaulanso kuti malo atha. Lufeyo anapsa mtima. Anazungulira tebulo, anazimitsa, anayatsa, koma uthenga unali womwewo.

"Diski yakalambayi yasokonekera mutu," anauza mkazi wake. "Zonse ndachotsamo, koma ikuti yadzaza."

"Bwanji muwaimbirenso alamu anu?"

"Kuti azindiyesa mwana wa sukulu?"

Lachisanu anaifomata diski yakale ija kuti iyambirenso, n'kulowetsamo mapulogalamu atsopano pamodzi ndi ukwati umene anajambula sabata imeneyo. Kompyuta inapepuka, iyenso mtima unapepuka.

Loweruka Elube anafika, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo. Lufeyo anafunafuna foda ya Nkhokwe, osaiona. Anatsegula apa, anatseka apo, thukuta lili kamukamu. Potsiriza anaimbiranso Bizwick, ndipo ulendo uno anamvetsera mpaka kumapeto. Atatsatira malangizo a mlamu wake, diski yatsopano inatseguka. Munalibe ngakhale chithunzi chimodzi.

"Kodi tsiku lija munaimaunta?" anafunsa Bizwick.

"Ndinapanga foda."

"Alamu, foda payokha ndi dzina chabe. Kumaunta ndiko kuiuza kompyuta kuti chilichonse cholowa mufodayo chizikagwera mu diski yatsopano. Popanda zimenezo, zonse zimatsala mu yakale. Musadandaule, makanema anu ali momwemo. Yakaleyo musaikhudze."



"Ndinaisesa dzulo," anatero Lufeyo chapansipansi. "Ndalembamo kale zina."

Bizwick anausa moyo. Anati adzayesa kupulumutsa zomwe angathe, koma pamene palembedwa zina, zakale sizibwerera. Elube anali atamva zonse.

"Ndiye kuti bambo anga sindidzawamvanso?"

Lufeyo anayang'ana pansi ndi manyazi. Elube anaimirira n'kumanga bwino chitenje chake.

"Mukanangondiuza kuti ndidikire, bambo, ndikanadikira ngakhale chaka," anatero, n'kutuluka.

Bizwick anatenga kompyutayo n'kuyesadi. Anapulumutsa tizidutswa ta maukwati a anthu ena, koma mawu a a Chimbalanga sanapezeke. Atabweza kompyutayo anauza mlamu wake pamaso pa anthu kuti, "Nyumba munamanga yabwino, alamu, koma khomo simunaboole. Katundu munamusiya m'nyumba yakale, n'kuitentha nokha." Mawuwo anayenda msika wonse wa Mponela.

N'chifukwa chake, ana inu, timati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mwambiwu sunena za mbuli, pakuti mbuli imafunsa. Umanena za munthu amene wadziwa zambiri n'kuona ngati chotsalacho n'chaching'ono, ndiye amadula mnzake pakamwa. Kawirikawiri chimene wakana kumvacho ndicho chimapangitsa kuti zina zonse zigwire ntchito. Ndipo chowawa n'chakuti wolira sakhala iye yekha. Lufeyo anapitiriza kujambula maukwati, koma Elube anakalamba akuyesa kukumbukira mmene bambo ake ankamutchulira dzina.