Malaya a Pepo a Levison Kambalame

Pa Nsaru, kuseri kwa chigayo, mayi Eunice ali ndi kashopu kolembera makalata pa kompyuta. Anthu a masiku ano akangoona galasi lowala lija nzeru zimawathawa, ndipo a Levison Kambalame anali mmodzi wa iwo.

Chaka cha chisankho, bambowa anaima paokha pa mpando wa ukhansala. Anagula malaya a pepo, mtundu umene panalibe chipani chouvala, nakajambulitsa. Ankafuna kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga akaona chithunzi adziwe kuti munthuyu alibe mbuye.

Mayi Eunice anachikonza bwino chithunzicho, malaya aja nawala pagalasi ngati duwa.

"Basi, ikani m'fulashi ndikasindikizitse ku tawuni," anatero a Levison.

"Dikirani kaye, bambo. Galasili limapanga mitundu ndi kuwala, pamene makina amasakaniza inki. Pepo wowala chonchi akafika papepala amathawa. Ndisinthe mitunduyi igwirizane ndi ya makina, ndipo kumeneko akasindikize chimodzi muyambe mwaona."

"Kodi mundiphunzitsa mitundu ine? Ndasankha fodya zaka makumi atatu, maso angawa sanandinamizepo. Musakhudzenso."

Ku tawuni wosindikiza anawauzanso za kuyesa chimodzi. Iwo anati alibe nthawi, tsiku la msika layandikira. Anapita kukagula mbewu, pobwera anangonyamula mtolo wa zithunzi womangamanga osausuzumira. Atatsika basi anaupereka kwa akabaza kuti amate mpaka ku Kabudula.

M'mawa a Levison anadzipeza pakhoma la golosale akumwetulira, atavala malaya a buluu. Buluu wake weniweni uja wa chipani chimene anthu a deralo sankafuna ngakhale kumva dzina lake.

"Eti alamu, anakugulani liti?" anafunsa a Nasoni, achimwene a akazi awo, pakati pa msika.

"Ndi makina, alamu."

"Makina amaveka munthu malaya? Mmene munkanyoza zipani muja, kani munali mutadya kale."

Anthu anaseka. A Levison anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi kung'amba zithunzi zawo zomwe. Kung'ambako kunangowonjezera moto, chifukwa anthu ankati akubisa umboni. Pamsonkhano uliwonse, m'malo molankhula za mjigo ndi mlatho, ankafotokoza za inki. Ndani angavotere munthu wokamba za inki?

Anabwereranso kwa mayi Eunice mutu uli pansi. Mayiwo anasintha mitundu ija pa kanthawi kochepa, chimodzi choyesera chinatuluka bwinobwino, koma mbiri inali itafika kale kumene pepala silingafike. Tsiku lowerenga mavoti, ngakhale pasukulu ya m'mudzi mwawo a Levison anakhala omaliza.

Akuluakulu sananame: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.