Uthenga Umene Udatsala M'chifuwa cha Chimbalanga

Alipo anthu ena, ana inu, amene ukamawatuma amanyamuka usanatseke pakamwa. Chimbalanga, mwamuna wa Nangozo, adali wotero. Kumunda liwiro, kudambo liwiro, ngakhale kumaliro kumene anthu amayenda manja ali kumbuyo, iye liwiro. Nangozo adamulangiza mpaka malovu kuuma, koma mwamunayo adali nkhutukumve.

Banjali lidali ndi mbuzi imodzi yokha, yaikazi, imene Nangozo adapatsidwa ndi malume ake. Idali ndi bere, ndipo mayiyu ankaona kale khola litadzaza. Tsiku lina ali kuchitsime, mbuziyo idadula chingwe n'kukadya mphale yonse imene adayanika pamkeka. Pobwera adaipeza ili thasa, mimba itatupa ngati ng'oma, ikupuma movutikira.

Kuseri kwa phiri kunkakhala nkhalamba ina, a Msakambewa, yodziwa kuboola mimba ya chiweto chotupidwa ndi kabango kosongola kuti mpweya utuluke. Munthu woyenda bwinobwino ankapita n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu.

"Abambo, kaitaneni a Msakambewa," adatero Nangozo. "Mukati mbuzi yatupidwa. Koma chonde, chitunda chija mukakwere mwa pang'onopang'ono, musaka..."

Adali akuyankhula ndi fumbi.

Nangozo adakhala pansi n'kumasisita mbuzi yake. Dzuwa lidakwera, lidafika pamutu, lidayamba kupendeka, koma kunjira kudali zii. Mtima udamuwawa. Munthu wothamanga chotere, n'kumachedwa kuposa nkhono? Adamanga chitenje n'kuuyamba yekha ulendowo.

Zimene adapeza kwa a Msakambewa zidamuumitsa thupi. Chimbalanga adali gone pamphasa pansi pa mango, milomo itabiriwira ndi mankhwala, nkhalamba ija ikumutikita pamimba.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," adatero a Msakambewa. "Amunanuwa afika ali wefuwefu, maso ali psuu, mawu osatuluka. Amangoloza pamimba, kenako khu! pansi, kukomoka. Koma musadandaule, ndawamwetsa kale zikho zitatu."

"Agogo, wodwala si ameneyu! Ndi mbuzi!"

"Mbuzi? Nanga osanena bwanji?"

"Ndimati ndikatsegula pakamwa," adatero Chimbalanga ndi kamawu kofooka, "inu mumathiramo chikho."

Nangozo adangogwira m'chiuno. Adasowa woyamba kumukalipira.

Onse atatu adauyamba wobwerera. Pamwamba pa chitunda buluzi adadutsa njira ngati muvi, kenako adaima chilili pamwala, m'nthiti mukugunda. Nkhalamba nayo idaima n'kumuloza ndi kabango kaja.

"Mwamuona uyo, achimwene? Buluzi akamathamanga amapinda thupi uku ndi uku, ndipo mnofu wopindira thupiwo ndi womwewo umene amakokera mpweya m'nthiti. Ziwirizo sizimuyendera bwino nthawi imodzi. N'chifukwa chake amati akathamanga pang'ono, aime, apume. Kamutu kake n'kochepa ngati nyemba, koma zimenezi amazidziwa. Nanga inu, ndi chimutu chonsecho?"

"Agogo, za abuluzi mukambe miyendo ikuyenda!" adakuwa Nangozo. M'mawa adavutika ndi wothamanga, tsopano adali ndi woimaima.

Adafika pakhomo mithunzi itatalika. Mbuzi idali itaongola miyendo. A Msakambewa adaigwira pakhosi, napukusa mutu.

"Ikadali yofunda. Tikadafika kanthawi kapitako, ikadadzuka."

Poitumbula adapezamo tiana tiwiri. Nangozo adatiyang'ana nthawi yaitali. Adatembenukira kwa mwamuna wake misozi ili chuchuchu.

"Abambo, phiri lonse lija mudalimaliza ngati mphepo. Miyendo yanu idakafika, koma uthenga wanga udatsala m'chifuwa mwanu. Mukadayenda ngati anthu ena, mukadakanena mawu awiri okha, mbuzi yatupidwa, bwenzi pano tili ndi zitatu. Kuthamanga sikufika."

Chimbalanga adazyolika. Tsiku limenelo adakhala pansi mpaka mkazi wake adamaliza kuyankhula.

Amene adabwera kudzathandiza kusenda mbuzi adawatola mawuwo, ndipo mpaka lero timati kuthamanga sikufika. Mwambiwu sukunyoza changu ayi, pakuti waulesi nayenso safika. Ukunena munthu amene amathera mphamvu zake zonse poyambira, osasiyako ndi pang'ono pomwe zogwirira chimene wanyamukira. Wophunzira wolemba mayeso asanawerenge funso, mlimi wobzala ndi kamvula koyamba konyenga, onsewo ndi abale ake a Chimbalanga. Munthu wafika pokhapokha chimene adapitira chachitika. Tsono mukatumidwa, ana inu, yendani moti mukafike ndi mpweya wonenera chimene mwatumidwa.