Chitsulo Chimene Chinawoloka Mtsinje

Kalekale, njinga zisanafike kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina wosula makasu, dzina lake Kalimanjira. Ndiye agogo awo a agogo anga. Kwawo kunali tsidya lija la mtsinje, kuno anabwera chikamwini, nasiya mlongo wake Nasimango, mayi wamasiye, ndi ana ake.

Kusula ankadziwa, eee, ankadziwa! Mukudziwa mchira wa khasu, uja umalowa mu mpini? Osula ena ankausula wowongoka. Iwe n'kuuwotcha pamoto, n'kuboolera mpini, basi. Koma makasu amenewo sankachedwa kuguluka. Kalimanjira yekha ankaupotoza mchirawo, ndipo khasu lake likalowa, lalowa. Ulime pamiyala, ulime pamizu, nga-nga-nga!

Vuto linali limodzi. Mchira wopotokawo ukauwotcha unkafewa n'kupindika. Kuti uboole mpini wake, pankafunika chitsulo china chopotoka chimodzimodzi. Chitsulocho anali nacho ndani? Iye yekha. Ankachisunga kuti? M'chiuno, ngati mankhwala.

Tsidya lija, pansi pa mtengo wa kachere, amuna ankasonkhana kusema mipini. Sankagulitsa. Aliyense wofuna ankangotola, ndipo wina akatulukira kasemedwe kabwino ankaonetsa anzake. Wamkulu pa osemawo anali msuweni wake wa Kalimanjira, a Tsokalida, munthu wa pakamwa.

"Asuweni," ankatero a Tsokalida, "tisiyireni chitsulocho pakachere pano, mipini yathu izigwirizana ndi makasu anu. Kapena mumagona nacho m'malo mwa akazi anu?"

"Ndikusiyireni? Mawa osula a kumapiri achione, andibere nzeru? Mpini ukathyoka, mwini wake abwere kuchipala changa. Miyendo ali nayo."

Anthu ankabweradi. Chilimwe ankabwera, akudandaula, koma ankabwera.

Tsono chaka china mvula inagwa yosaleka. Mtsinje unadzaza mpaka kumiza mabango, osawoloka munthu. Inali nthawi yopalira. M'mawa wina, Kalimanjira ali pamvukuto, mkazi wake anabwera akuthamanga.

"Bambo, alamu akukuitanani kumtsinje!"

Anapita pamalo paja mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri. Tsidya linalo panaima Nasimango, dzanja lina khasu lopanda mpini, dzanja lina mpini wothyoka. Kumbuyo kwake a Tsokalida.

"Achimwene!" anakuwa Nasimango, madzi akusokosera. "Khasu lanu labwino lija ndi ili! Udzu wapitirira chimanga! Ndipalire ndi zala?"

"Bwerekani kwa anzanu!"

"Nthawi yopalira ndani abwereketsa khasu? Ana anu adya chiyani chaka chino, inu malume awo?"

A Tsokalida anaponyapo lawo: "Musawavutitse, mayi! Ana adzadya chinsinsi cha amalume awo. Akuti n'chonona!"

Inu, mukanakhala Kalimanjira mukanatani? Mlongo wako ali apo, ukumuona ndi maso, koma sungamugwire. Khasu unasula ndiwe, unampatsa ndiwe, ndipo lasanduka chitsulo chachabe chifukwa cha iwe. Kalimanjira anagwira m'chiuno. Anachotsa dzanja. Anagwiranso. Ankadziwa kuti chitsulocho chikafika pakachere, aliyense achiona, achigwira, achiyeza, ndipo sichidzakhalanso chake yekha.

Anachimasula. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, nachiponya ndi mphamvu zake zonse za wosula. Chinazungulira m'mwamba, chinazungulira, n'kukagwera pathanthwe la tsidya, ngwee!

"Muchiwotche chifiire!" anakuwa. "Polowetsa muzipotoza cha kumanja, pang'onopang'ono! Mukakankha mowongoka mung'amba mpini!"

"Mukuuza ndani za mipini?" anayankha a Tsokalida, akuchitola. "Pitani mukapope moto wanu!"

Dzuwa lisanapendeke, Nasimango anali m'munda. Chimanga chinapulumuka, nkhokwe inadzaza.

Madzi ataphwa, Kalimanjira anawoloka mtima uli m'mwamba. Anapeza chitsulo chake chili pachingwe, chikulendewera panthambi ya kachere, aliyense akungochitenga n'kuchibwezera. Osula a kumapiri anali atabwera kale kudzachiona. Kalimanjira anangokhala pansi, mutu uli m'manja.

"Musalire, asuweni," anatero a Tsokalida. "Taonani mipini iyi. Itatu yang'ambika pamalo amodzi. Mchira wanu ndi wonenepa kwambiri kumapeto. Inu simunkadziwa, chifukwa munkaboola nokhanokha, n'kumanena kuti mtengo ndiye woipa. Kauchepetseni."

Anakwiya, koma anakauchepetsa. Mipini inaleka kung'ambika.

Nanga osula a kumapiri aja? Anatengeradi kapotozedweko. Koma kodi anatenga manja ake? Ayi. Khasu la Kalimanjira silinkabuntha msanga, ndipo anthu akutali, amene kale ankaopa kugula poti mpini ukathyoka ulendo wake ndi wautali, tsopano ankabwera ndi nkhuku, ndi mbuzi. Iye anasula zitsulo zina zoboolera n'kuzitumiza kulikonse kumene anthu amasema mipini. Akasintha mchira wa khasu, ankayamba watumiza chitsulo chatsopano, khasulo pambuyo.

Mdzukulu wanga Sungeni, uja amagwira za makompyuta ku Lilongwe, nditamuuza nkhaniyi anaseka mpaka misozi. Akuti ku makompyutakonso kuli pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anthu ambiri amailemba pamodzi, yosabisa, ndipo opanga makina ena amabweretsa okha kachidutswa kogwirizanitsa makina awo ndi pulogalamuyo, pomwe ena amakabisa. Ine ndinati, amene akubisawo mtsinje wawo sunadzaze.

N'chifukwa chake ife a kwa Kalimanjira tikapanga chinthu, kaya ngolo, kaya chitseko, timamuonetsa mwini wake mmene angachikonzere ife kulibe. Simudziwa tsiku limene wochifunayo adzakhale mlongo wanu, ali tsidya, inu muli kuno.

Yanga yathera pathanthwe pomwepo. Sonkhezerani motowo.